Zomwe tidakaphunzira ku Mzuzu za makebulo olimba a thirakitala

A tcheyamani, amayi ndi abambo a m'gulu lathu, nali lipoti la ulendo womwe mudatituma wokacheza ndi alimi anzathu a ku Mzuzu, omwe ali ndi thirakitala yaing'ono yonga yathuyi.

Tidanyamuka ku Kasungu mbandakucha pamsewu wa M1, kudutsa pa Jenda, kenaka m'nkhalango ya paini ya Chikangawa momwe nkhungu idachititsa adalaivala kuyatsa magetsi dzuwa litatuluka kale. Anzathuwo adatichingamira pa Katoto n'kutitengera kumunda kwawo, cha kunjira ya ku Nkhata Bay. Za chakudya ndi pogona sindichulutsa gaga m'diwa, adatisamala bwino.

Tidawayalira vuto lathu lomwe nonse mukulidziwa. Chogwirira cha moto chimalimba, ukachikankha injini imakwera koma osafuna kutsika, ndipo kachingwe kozimitsira injini kamachita kufuna manja awiri. Amakaniko awo, bambo achikulire ndithu, adati vutoli kwawo n'losasowa, poti ku Mzuzu mvula imafika mpaka Epulo kapena Meyi, pambuyo pake n'kubwera mawawa, ndiye chitsulo sichipuma ku chinyezi.

Adayamba ndi kutionetsa kebulo yakutha yomwe adaidula pakati. M'kati muli waya wopotana wa timawaya tambirimbiri, ndipo amayenda m'chikutiro cha chitsulo chokulungizidwa, chovekedwa pulasitiki kunja. Kumapeto kumakhala kamphira kotchinga. Kamphirako kakang'ambika, kapena pulasitiki ikasweka, madzi amalowa n'kukakhazikika pomwe kebulo yatsika kwambiri. Pamenepo ndi pomwe dzimbiri limayambira, fumbi n'kudzamatirira.

Chomwe chidandigwira mtima ine ndi chakuti bambowa sadathamangire oyilo. Adazimitsa injini, kuchotsa kiyi, kutsitsa pulawo pansi, ndiyeno n'kumasula kebulo mbali zonse ziwiri, kuchogwirira ndi kupampu ya dizilo. Adatipatsa aliyense kuti akoke wayayo ndi zala. Kenaka adagwedeza chogwirira pachokha, n'kugwedezanso kamkono ka papampu pakokha. Apa m'pomwe pamadziwika wolakwa. Nthawi zina kebulo imakhala ilibe mlandu. Chauma ndi pini yomwe chogwirira chimazungulirapo, kapena sipuling'i yobwezera yatopa. Munthu ukhoza kuwononga ndalama kugula kebulo yatsopano vuto lili pa pini yofuna dontho la oyilo basi.

Ikapezeka kuti yolimba ndi kebuloyo, amaichotsa n'kuipachika chilili pamtanda wa shedi. Amatenga jumbo, kuboola pakona, kulowetsa mutu wa kebulo, n'kumanga zolimba pachikutiro ndi mphira ya chubu. M'jumbomo amathira kaye mankhwala osungunula dzimbiri monga WD-40, uku akukoka ndi kukankha wayayo pang'onopang'ono mpaka kumunsi kutayamba kudontha zofiirira. Zikayera amathira oyilo wopepuka n'kuisiya igone usiku wonse. Adatichenjeza kuti WD-40 payekha sakhalitsa, amauma, choncho oyilo asalephere kutsatira. Girisi wolimba naye adamukana, akuti amagwira fumbi ndipo kukazizira amalimba. Makebulo ena atsopano ali ndi kapaipi koterera ka pulasitiki m'kati, ndipo ena mwa amenewa safuna oyilo wa injini, ndiye tiyambe taona zomwe buku la thirakitala yathu likunena.

Amayi msungichuma adafunsa ngati kebulo iliyonse ingapulumuke motere. Yankho lidali ayi. Ngati timawaya tayamba kuthothoka, kapena chikutiro chapindika mpaka kuphwanyika, kapena chasungunuka chifukwa chogundana ndi ekizozi, imeneyo yatha. Ine ndikugwirizana nawo kwathunthu, makamaka pa kebulo ya buleki ndi yozimitsira injini. Injini ya dizilo yamtundu umenewu siizima ndi kiyi, imazima ukaitsekera mafuta, ndiye taganizani kachingweko kataduka mwana ali pafupi ndi shafiti ya PTO, ija ya kumbuyo kwa thirakitala yoyendetsa makina olumikizidwako, ikuzungulira.

Pobwezeretsa, kebulo iyende mokhota pang'onopang'ono, italikirane ndi ekizozi, ndipo pomangirira musafinye kwambiri. Manati awiri a kumapeto ndi osinthira kulimba kwake. Musiye kampata pang'ono kuti chogwirira chikabwerera, kamkono ka papampu kafike penipeni pomwe kamayenera kuima. Mukafuna kugula ina, nyamulani yakaleyo, chifukwa pamafunika kufananitsa kutalika kwa chikutiro, kutalika kwa waya wotuluka ndi maonekedwe a mitu yake. Achinyamata athu a kabaza adaona msanga kuti ndi nzeru yomweija ya kebulo ya kilatchi panjinga yamoto, ndipo ndikupempha kuti mmodzi mwa iwo apatsidwe udindo woyendera makebulo onse tisanayambe kulima komanso mvula ikatha.

Chinthu china chomwe tidaona ndi maso: thirakitala yawo imagona m'shedi ya malata, ndipo poitsuka salunjikitsa madzi kumapeto kwa makebulo. Yathu imagona pansi pa mtengo wa mango. Ife amene tidapita tagwirizana zoti nkhani ya shedi ilowe pamndandanda wa msonkhano ukubwerawu, ndipo abambo awiri adzipereka kale kubweretsa milimo ngati gulu lingagule malata ndi misomali.