Liwiro lakwera, ndiye ndagula inshulansi ya njinga

Mwezi uno miyendo yanga yayamba kupirira zitunda zomwe kale ndinkatsika n'kumakankha njinga, ndipo pamtsetse sindikufinyanso mabuleki njira yonse. Ndasintha mphira za mabuleki, chifukwa zakalezo zinali zitaperepeseka moti ndikagwira, njinga inkalira n'kupitirirabe pang'ono isanaime. Kapitiriridwe kameneko n'komwe kanandiganizitsa za munthu woyenda pansi amene angatulukire mwadzidzidzi pakona, ndiponso za chipepeso chimene ndingalamulidwe kupereka nditamuvulaza.

Mu 2013 khoti la mumzinda wa Kobe ku Japan linalamula mayi wina kulipira mayeni (ndalama za ku Japan) pafupifupi 95 miliyoni, mwana wake wa zaka 11 atagunda mayi wachikulire ndi njinga n'kumusiya ali chikomokere. Mu 2015 dera la Hyogo, momwe muli mzindawu, linakhazikitsa lamulo loti wopalasa aliyense akhale ndi inshulansi yolipirira anthu amene wawavulaza, ndipo Tokyo inachitanso chimodzimodzi mu 2020, ngakhale kuti malamulowa alibe chilango kwa wowaphwanya. Nkhani imeneyi inandikhudza kwambiri, makamaka ndikaganizira banja la wovulalayo, lomwe likanatha kupambana mlandu koma osalandira kanthu ngati wolakwayo alibe pogwira.

Choncho ine ndagula inshulansiyi mwa kufuna kwanga. Komabe sindikugwirizana ndi zokakamiza aliyense. Dziko la Switzerland linkafuna kuti njinga iliyonse ikhale ndi kachizindikiro ka inshulansi kogula chaka ndi chaka, koma linathetsa zimenezi kuyambira mu 2012, popeza anthu ambiri anali kale ndi inshulansi ina yogwira ntchito yomweyo. Chondidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti lamulo lotere limayamba kupweteka mwana wasukulu ndi munthu amene njinga ndiyo mayendedwe ake okhawo, pomwe ngozi zoopsa zambiri zapamsewu zimachokera ku magalimoto olemera ndi othamanga.

Njira ya ku Germany ndikuiona kuti ndi yanzeru: njinga zamagetsi zomwe injini yake imathandiza mpaka makilomita 45 pa ola zimafunika nambala ya inshulansi, pomwe zolekezera pa 25 zimatengedwa ngati njinga wamba. Udindo ukukula molingana ndi liwiro, ndipo n'chifukwa chomwechonso ine ndalipira tsopano osati pamene ndinkayamba.

Mwezi wamawa ndikufuna kuphunzira kuima mwadzidzidzi pamsewu wonyowa, ndikugwira buleki yakutsogolo mwamphamvu thupi nditalikankhira kumbuyo kwa chishalo.