Ndodo yachinayi mu Land Rover yanga

Series III yanga ili ndi ndodo zinayi: ya magiya, ya mutu wachikasu, ya mutu wofiira, ndi ina yakuda yomwe galimoto zambiri zamtunduwu zilibe. Yakudayo ndi ya overdrive (giya yowonjezera yothandiza kuti injini isamazungulire kwambiri galimoto ikamathamanga), koma amene anandigulitsa sankadziwa n'komwe kuti ndi yamtundu wanji.

Ndinayala katoni n'kulowa kunsi ndi tochi. Overdrive imamangidwa kumbuyo kwa transfer box (bokosi la magiya logawa mphamvu ku mawilo akutsogolo ndi akumbuyo), pamalo pomwe pamayenera kukhala chivundikiro cha PTO (potengera mphamvu yoyendetsera zipangizo zina). Nditapala matope osakanikirana ndi oyilo, ndinaona chibokosi cha aluminiyamu, pamwamba pake pali kandodo koyezera oyilo. Nkhani yagona pamenepa, chifukwa mitundu ya overdrive, monga Fairey, Roverdrive ndi Toro, imasiyana pa kasungidwe ka oyilo. Fairey imasunga oyilo wakewake, wa EP90, wochepa kwambiri, pomwe Roverdrive imagawana oyilo ndi transfer box. Toro nayonso ili ndi wake, koma chibokosi chake n'chokulirapo.

Yanga ndi Fairey, ndipo kulira kwake kwa mluzu ndikaponda moto kukuvomereza. Phokosolo ena limawanyansa, ine ayi. Giya yake ya 0.782:1 imapumitsa injini pa tala. Chomwe sindichita nacho ulesi n'kuyeza oyilo uja, chifukwa akangotsika pang'ono Fairey imatentha msanga, mabeyaringi n'kutha.