Matebulo ndawasiya, tsopano ndikuyendera malamulo

Mwezi uno pa logic, phunziro la kaganizidwe kolondola, ndachoka pa ma truth table, matebulo omwe umayalamo njira zonse zomwe mfundo zingakhalire zoona kapena zabodza. Ankangondithera kope: mfundo zikakhala ziwiri tebulo limakhala la mizere 4, koma zikafika zisanu mizere imakwana 32, yonse yolemba pamanja. Ndiye ndalowa m'malamulo otulutsira yankho mzere ndi mzere, njira imene katswiri wa masamu wa ku Germany, Gerhard Gentzen, anaiyala bwino m'zaka za m'ma 1930. Ena mwa malamulowa ndi akalekale, wafilosofi wachigiriki Chrysippus ankawaphunzitsa ku Athens Yesu asanabadwe.

Zitsanzo ndikungotola konkuno ku Senga Bay. P ndi "mwera waomba", Q ndi "asodzi sanalowe m'nyanja", R ndi "usipa wakwera mtengo". Poyambira pali mizere itatu: ngati P ndiye Q, ngati Q ndiye R, ndipo wachitatu ukukana R, kutanthauza kuti lero usipa sunakwere.

Mzere wachinayi ndimalumikiza iwiri yoyambayo ndi hypothetical syllogism, Q n'kuchokapo pakati, n'kutsala "ngati P ndiye R". Wachisanu ndi modus tollens: poti R wakanidwa, P naye wakanidwa. Mwera sunaombe, basi. Mizere iwiri yokha pamene tebulo likanafuna 8. Kumbali ya mzere uliwonse ndimalemba dzina la lamulo ndi manambala a mizere yomwe ndagwiritsa ntchito, ndipo ndaona kuti polembapo m'pomwe mutu umagwira ntchito kwenikweni.

Pomwe pandikomera ndi pobwerera m'mbuyo. Tinene kuti usipa wakweradi. Pamsika aliyense angakuuzeni kuti ndiye kuti kunali mwera, koma fufuzani m'malamulo onse, simupezamo lololeza kuchoka pa R kubwerera pa P. Ndipo n'zomveka. Mwezi ukawala kwambiri usipa subwera ku nyali za asodzi, ndowa zimabwerako zopepuka nyanja ili bata. Mnzanga wina wogulitsa nsomba nditamufotokozera anangoseka, akuti zimenezo amazidziwa popanda zilembo zangazi. Sakunama. Kungoti pakamwa timazidumpha, pomwe papepala mzere wopanda lamulo umaonekera msanga.

Modus ponens (ngati P ndiye Q, P wachitika, ndiye Q naye wachitika) ndiye sindinachedwe nayo, aliyense amaigwiritsa ntchito osadziwa. Disjunctive syllogism (pali P kapena Q, P wakanidwa, ndiye watsala Q) nayonso ndi yophweka.

Sabata yamawa ndiyamba conditional proof, pamene umabwereka mfundo kwa kanthawi, n'kuyenda nayo mizere ingapo, kenaka n'kuibweza. Amene munadutsamo kale, mumaika chizindikiro chotani pakope kuti musaiwale mzere wobwerekawo?