Timphutsi ta pathanthwe timauma gwaa koma mvula ikagwa timadzukanso

Kumudzi kwathu kuseri kwa nyumba ya agogo kuli thanthwe lalikulu lomwe amayi ankayanikapo ufa ndi mfutso, ndipo pamwamba pake pali timaenje tosaya tomwe timadzaza madzi mvula ikagwa. Tili ana tinkakonda kuvundula matope a m'timaenjemo ndi kamtengo nkumaona timphutsi tofiira tikuphiriphitha, kenako pakapita masiku ochepa dzuwa lija lawomba madzi onse aphwa, kwatsala fumbi lokhalokha lotentha loti osapondapo opanda nsapato. Mvula ina ikabwera timphutsi tija tiliponso. Ine ndinkangoti timagwa ndi mvula.

Ndakula ndi pamene ndadziwa kuti m'maenje a pamiyala ngati amenewa, mu Africa muno, mumakhala kachilombo kena kodabwitsa zedi. Dzina lake ndi Polypedilum vanderplanki, kakakula kamauluka ndipo kamaoneka ngati udzudzu koma sikaluma. Anakafotokoza koyamba ndi wasayansi wa ku Britain, H. E. Hinton, mu 1951, ndipo kamadziwika kwambiri kumpoto kwa Nigeria. Nde chomwe chinandisangalatsa ine nchakuti mu 2017 akatswiri analengeza kuti timphutsi totere tomwe tinapezeka ku Malawi kuno ndi mtundu wakewake, nkutipatsa dzina loti Polypedilum pembai. Tathu tomwe, ta m'miyala yathu yomweyi.

Madzi akamaphwa kamphutsi aka sikathawa. Kamauma limodzi ndi matope mpaka m'thupi mwake mumangotsala madzi pafupifupi 3 peresenti, osapuma, osadya, osayenda, kungokhala ngati kachitsotso. Mukakathira madzi, ola limodzi lisanathe kayambanso kugwedezeka. Tina tinasungidwa touma zaka 17 nkudzukabe.

Poyamba ndinkaganiza kuti vuto la kamphutsi kouma ndi ludzu basi. Koma ayi, mdani wina wamkulu ndi okosijeni, mpweya womwewu umene tonsefe timadalira. Mukudziwa mmene khasu limachitira dzimbiri likagona panja, kapena mafuta ophikira akakhalitsa mmene amasinthira fungo? Ndi ntchito ya okosijeni imeneyo. M'thupi mwa chamoyo chilichonse, maselo, tizigawo ting'onoting'ono tomwe timapanga thupi, akamaotcha chakudya kuti apeze mphamvu, pamatuluka tizidutswa tina ta okosijeni tolusa, monga superoxide ndi hydrogen peroxide, timene timalumaluma chilichonse tapeza, mafuta a khungu la selo, mapuloteni, ngakhale DNA imene, yomwe imasunga malangizo a mmene thupi limapangidwira. Nthawi zonse thupi limakhala likutizimitsa. Tikachuluka kuposa mphamvu ya thupi yotizimitsira, asayansi amati oxidative stress, mawu amene Helmut Sies wa ku Germany anawatchukitsa mu 1985.

Zozimitsira zake nzimene amati ma antioxidant aja, koma osati za m'mabotolo zimene amatsatsa pa WhatsApp zija ayi, izi thupi limapanga lokha. Pali enzyme ina (enzyme ndi puloteni yofulumizitsa ntchito za m'thupi), superoxide dismutase, imene asayansi McCord ndi Fridovich anaizindikira ntchito yake mu 1969, iyoyo imasandutsa superoxide kukhala hydrogen peroxide, kenako enzyme inanso, catalase, nkubwera kudzaiphwanya kuti isanduke madzi ndi okosijeni wamba. Ngati munaonapo peroxide akuchita thovu pabala, thovu limenelo ndi catalase ali pantchito. Palinso glutathione ndi thioredoxin zokonza mapuloteni amene ayamba kuonongeka.

Tsono taganizani za kamphutsi kathu kaja. Kali m'madzi, okosijeni ndi wochepa, m'matope ndiye wochepetsetsa, nchifukwa chake timphutsi tambiri ta banja limeneli timafiira, tili ndi haemoglobin ngati magazi athu yogwirira kampweya kochepako. Madzi akaphwa mwadzidzidzi kali pamtetete, mumpweya woti 21 peresenti yake ndi okosijeni, dzuwa la Okutobala likuwomba pathanthwe, maselo akukwinyika, tizidutswa tolusa tija tikutuluka mochuluka, ndipo choipa kwambiri nchakuti ma enzyme oteteza aja sagwira ntchito popanda madzi. Ndiye kuti chilichonse chodzitetezera chiyenera kukonzedwa madzi asanathe.

Apa mpamene ine ndimagoma napo. Kamphutsi aka kamamanga kachisa konga paipi ndi dothi ndi malovu ake, ndipo kachisako kamachedwetsa kuuma kuti kutenge pafupifupi masiku awiri. Mukakatulutsa nkukaumitsa mwachangu kamafa ndithu. M'masiku awiriwo thupi lonse limakhala pa kalikiliki, kupanga shuga wina wotchedwa trehalose wochuluka mpaka pafupifupi 20 peresenti ya kulemera kwake kakauma, ndipo shuga ameneyo pamodzi ndi mapuloteni otchedwa LEA amalimba ngati galasi nkugwira zonse za m'selo kuti zisasweke. Nthawi yomweyo ma antioxidant nawo amakwera kwambiri. Ofufuza a ku Japan ndi ku Russia, monga Takahiro Kikawada, Takashi Okuda ndi Oleg Gusev, atawerenga majini onse a kachilomboka, kutanthauza malangizo olembedwa mu DNA yake, mu 2014 anapeza kuti kali ndi majini owonjezera ambiri a thioredoxin, pamene mbale wake Polypedilum nubifer, yemwe amafa akauma, alibe milumilu imeneyo.

Ndipo musaganize kuti kamatuluka kopanda bala. Gulu lomweli linaona kuti DNA ya kamphutsi kouma imaduka-duka ndithu, kungoti kakanyowa kamaisokanso pamasiku angapo otsatira, pamene kunjaku kakuoneka kale ngati palibe chachitika. Mwina nchifukwa chake kamapirira ngakhale cheza choopsa (radiation) chimene sikanakumanepo nacho pathanthwe, mpaka timphutsi touma tinatumizidwa kunja kwa International Space Station, chombo cha ofufuza chozungulira dziko mumlengalenga, ndipo tina tinabwerako nkudzuka titathiridwa madzi.

Zimandipweteka mtima ndikamaona matanthwe akuphwanyidwa kuti apeze miyala yomangira, moto utasonkhedwa pamwamba kuti mwala ung'ambike, anthu ake sindikuwada ayi, akufuna ndiwo za ana, koma palibe amene anawauzapo kuti fumbi la m'timaenje lija mwina muli zamoyo zikudikira mvula. Ngakhale kusukulu, tinkaloweza za achule ndi ziwala za m'mabuku olembedwa kutali, za pathanthwe la kuseri kwa kalasi osazitchula nkomwe.

Mwezi watha ndinapita kumudzi, ndinakapala pang'ono fumbi la m'kaenje kamodzi, theka la supuni basi, nkuliika m'kabotolo. Lili pawindo pano. Mwana wanga wamkazi wandiumiriza kuti tisathire madzi mpaka Loweruka, akufuna aitane anzake awiri a sitandade 6 kuti adzaonere limodzi, ndipo wabwereka kale galasi lokulitsira zinthu kwa aphunzitsi ake.