Basi itafera m'Chikangawa tinakangana za mayi wa pa K200

Basi yathu yochokera ku Lilongwe inafera m'Chikangawa dzuwa litapendeka, chifunga chikutsika m'mapaini. Mukamapita ku Mzuzu, juzi ikhale pamwendo, osati m'chikwama cha kubuti. Kondakitala sangatsegule buti chifukwa cha inu nokha, ndipo mphepo yakumeneko imalowa mpaka m'mafupa.

Tikudikira makaniko, mnyamata wina anatulukira ndi mbatata yootcha. Mtengo wake unali wa pangozi, K1,000 ziwiri zazing'ono, koma njala sinyengerera. Pachenje panali K200 yotheratu m'mbali. Bambo amene ndinakhala nawo anaiyang'ana n'kunena motsimikiza kuti mayi ali pamenepoyo ndi Mama Kadzamira. Wina kumbuyo anati ayi, ndi mmodzi mwa amayi ovinira Kamuzu. Agogo ena ofunda zitenje ziwiri analephera kupirira.

"Ana inu, dzina lalembedwa pomwepo. Simuwerenga?"

Anali kunena za Rose Chibambo, mwana wa ku Kafukule m'boma lomweli la Mzimba, wobadwa mu 1928. Mu 1952 anayamba kusonkhanitsa amayi ku Zomba kuti akane chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, Kamuzu asanabwerere kumudzi. Mu Marichi 1959 atsamunda anamugwira patangopita masiku awiri atabereka, ndipo kundende ya Zomba analowa ndi khanda m'manja. Apa agogowo anaima kaye, n'kutiyang'ana azimayife mmodzimmodzi.

Chimene chimandipweteka n'choti amene anamufufuta m'mbiri si atsamunda ayi. Mu 1964 nduna zitasemphana ndi Kamuzu, anamuchotsa paudindo, ndipo pambuyo pake anathawira ku Zambia komwe anakhala mpaka 1994. Mbadwo wonse unakula osamva dzina lake m'kalasi. Chimodzimodzi Vera Chirwa, mmodzi mwa oyambitsa Malawi Congress Party mu 1959, amene anagwidwa mu 1981 n'kutuluka mu 1993, amuna awo a Orton atafera m'ndende. Amayi otere tikawasandutsa ovina basi, tikuwanamizira.

Makaniko anafika mdima utagwa, lamba wa injini ali m'manja. Ku Mzuzu tinalowa usiku, anjinga zamoto atakweza kale mitengo. Mayi Chibambo anamwalira mu Januwale 2016 ndipo anaikidwa ku Heroes Acre mumzindamo. Kutacha ndinafuna kukaona manda awo, koma wakabaza sanandimve mpaka nditatchula manda a Chakufwa Chihana amene ali pamalo omwewo, ndiye mukafuna kukafikako funsani dzina limenelo.