Payi wa pa mpikisano amagwa kapena kupambana ndi pansi pake

Pa chionetsero cha kutchalitchi, cha kusukulu kapena cha zaulimi, pakakhala mpikisano wa zophikaphika, oweruza odziwa ntchito yawo sachedwa ndi maluwa amene mwakongoletsa pamwamba pa payi. Amadula chidutswa, n'kuchinyamula pa mpeni kuti aone ngati chikuima chokha, kenako n'kuchitembenuza kuti aone pansi pake. Pansi pakakhala potuwa, ponyowa, pomatirira ku zala, payi ameneyo wagwa basi, ngakhale zipatso zake zikome chotani. Ntchito yonse ya wophika payi ili pa zinthu ziwiri: mafuta asasungunuke mtanda usanalowe mu uvuni, ndipo madzi a zipatso asaloŵerere mu mtandawo. Kuno ku Zomba zonse ziwirizi n'zovuta, chifukwa zipatso zathu n'zamadzi kwambiri ndipo nyengo imene zimachuluka ndi yomwe dzuwa layamba kuswa mtengo.

Tiyambe ndi mtanda. Pa thireyi yozungulira ya masentimita 23, yokhala ndi mtanda pansi ndi pamwamba, mufunika ufa wa tirigu magalamu 350, batala magalamu 220, mchere supuni yaing'ono imodzi, shuga supuni yaikulu imodzi, ndi madzi ozizira kwambiri masupuni aakulu 6 mpaka 8. Ngati mulibe sikelo, ufawo ndi makapu awiri ndi theka a kapu ya mamililita 250, koma wothira ndi supuni m'kapumo n'kusalaza pamwamba ndi mpeni, osatsendera. Ufa wotsendera umalemera kuposa pamenepo ndipo mtanda umatuluka wouma. Musagwiritse ntchito ufa wosakaniza kale ndi zofufumitsa, ndipo musathire bekingi paudala. Payi safufuma ngati sikono.

Batala ndi wodula, ndipo ambiri adzafuna majarini. Palibe cholakwa, bola akhale majarini olimba okutidwa m'pepala, aja ophikira makeke. Majarini ofewa a m'kontena, opaka pa buledi, ali ndi madzi ambiri ndipo amasakanikirana ndi ufa msanga, motero mtanda umatuluka wolimba ngati bisiketi lakale. Koma pa mpikisano, ngati thumba likulola, ikani batala theka ndi majarini theka. Fungo la batala oweruza amalimva asanalume n'komwe.

Chifukwa chimene timalimbikira za kuzizira ndi ichi. Tizidutswa ta batala tikakhala tolimba mkati mwa mtanda, tikalowa mu uvuni wotentha timasungunuka, madzi ake n'kusanduka nthunzi imene imalekanitsa mtanda m'magawomagawo opyapyala. Ndiwo amene amachititsa payi kuyoyoka bwino m'kamwa. Batala amasungunuka pa madigiri pafupifupi 32 mpaka 35, ndipo amayamba kufewa kale kwambiri asanafike pamenepo. Khitchini ya m'tauni ya Zomba mu Okutobala masana, mbaula ili pambali, imafika pamenepo mosavuta. Choncho mtanda upangeni m'mamawa dzuwa lisanakwere, kapena usiku. Batala muikeni mufiriza kwa theka la ola, kenako mumupale pa gireta ya karoti molunjika mu ufa. Njira imeneyi imaposa kufikisa ndi zala chifukwa manja sakhudza mafuta nthawi yaitali. Sakanizani ndi foloko kuti tizidutswato tikutidwe ndi ufa. Madzi thirani supuni imodziimodzi, mukutembenuza ndi mpeni kapena foloko. Mukafika pa supuni yachisanu ndi chimodzi, tapani pang'ono m'dzanja n'kufinya. Ukagwirana osayoyoka, lekani kuthira, ngakhale m'mbalemo mukuoneka ngati mwauma. Ufa umapitiriza kumwa madzi mtanda ukamapuma.

Musakande. Amayi ambiri amene ali akatswiri pa mandasi ndi buledi amagwa pomwepa, chifukwa manja awo anazolowera kukanda mpaka mtanda usalale. Kukanda kumadzutsa ulimbo wa mu tirigu, umene ndi wofunika pa buledi koma pa payi umachititsa mtanda kulimba ndi kukhwinyata mu uvuni, m'mbali n'kutsetserekera pansi. Ingousonkhanitsani pamodzi, muugawe pawiri, gawo lapansi likulireko pang'ono, muuphwathalalitse ngati chitumbuwa, muukulunge m'pulasitiki n'kuuika mufiriji kwa ola limodzi. Usiku wonse ndi bwino koposa. Magetsi akazima, ikani mtandawo m'poto wovundikira, potoyo mumuike m'beseni la madzi oundana ogula, ndipo ukhala bwinobwino.

Tsopano zipatso. Pano Zomba ndi wodala. Pa msewu wokwera phiri kupita ku Ku Chawe, ogulitsa amaima ndi timbale ta sitiroberi, rasipiberi, mabulosi, jamu ndi magalagadeya, malingana ndi nyengo yake, ndipo zina zimatsikira ku msika waukulu. Wopita ku mpikisano ndi payi wa maapozi ochokera ku South Africa wataya mwayi umene anzake a m'maboma ena alibe. Kwa ine payi amene amaimira bwino boma lino ndi wa sitiroberi wosakaniza ndi mabulosi, amene amakumana pa msika cha mu Sepitembala ndi Okutobala. Sitiroberi yekha akapsa amatuwa ndipo kukoma kwake kumazirala. Mabulosi amabwezera mtundu wofiirira wakuda ndi kukoma kozama.

Pogula, pemphani kuti akukhuthulireni m'mbale ina muone zapansi. Zipatso zophwanyika kapena zoyamba nkhungu zimawononga fungo la payi yense. Sankhani sitiroberi wolimba, wofiira mpaka kumutu, osati wamkulu kwambiri. Tsukani asanachotsedwe timasamba take, chifukwa mukachotsa kaye madzi amalowa pabowopo, ndipo muyanike pa nsalu yoyera. Mabulosi achotseni timapesi ndi lumo kapena sizasi. Kapesi kamodzi kokha kakakodwa m'mano a woweruza kamakumbukika.

Muyezo wake ndi sitiroberi magalamu 600 wodula pakati, mabulosi magalamu 300, shuga magalamu 150, madzi a ndimu supuni yaikulu imodzi, kamchere kotsina ndi zala, ndi konifulawa (sitachi wa chimanga wokhuthalitsa madzi a zipatso) magalamu 40, amene ndi masupuni aakulu 5 osadzaza mpaka kutumphuka. Konifulawa akasowa, ufa wa kasitadi umagwira ntchito yomweyo pa muyezo womwewo chifukwa nawonso ndi sitachi wa chimanga, kungoti umabweretsa mtundu wachikasu ndi kafungo ka vanila. Ufa woyera wa nsima sungalowe m'malo mwake, umasiya timisere. Kondowole nayenso ayi, fungo lake limaphimba zipatso.

Sitiroberi ndi madzi kuposa magawo 90 pa 100 alionse, ndipo apa m'pamene pagona nkhani. Mukangothira zipatso zosakaniza ndi shuga pa mtanda n'kuika mu uvuni, madzi onsewo amatuluka mtanda wapansi usanapse, n'kuuphika ngati phala. Chitani izi: thirani shuga ndi ndimu pa zipatso, muzisiye mphindi 40. Shuga amakoka madzi. Kenako zitsanulireni pa sefa, madziwo agwere m'kapoto. Wiritsani madziwo pa moto wapakati mpaka atsale theka ndipo ayambe kunanda pa supuni, muwasiye azizire. Konifulawa muwazeni pa zipatso zokhetsa madzizo n'kutembenuza mpaka ufa woyera usaonekenso, kenako bwezerani madzi owiritsa aja. Mwachotsa madzi koma kukoma kwatsala konse. Lawani. Zipatso za kuphiri sizifanana kutsekemera sabata ndi sabata, ndiye zikawawasa onjezani shuga supuni imodzi kapena ziwiri, koma payi wotsekemera mopitirira amatopetsa woweruza amene walawa kale mbale khumi.

Ngati chionetsero chagwa mu Disembala, mango ndiye alipo. Tengani a mtundu wa Kent amene alibe ulusi wambiri, asanapsetse, muchepetse shuga kufika magalamu 100 ndipo muthire madzi a magalagadeya atatu osefa njere. Kalisere ndi wokoma kudya pamanja, koma ulusi wake sulola mpeni kudutsa bwino. Zipatso za jamu zimafuna shuga wochulukirapo ndipo zimagwirizana ndi kajinja kopala.

Poyala mtanda, wazani ufa wochepa pa tebulo. Wopanda mpini woyalira atenge botolo losalala, alidzaze madzi ozizira, alipukute kunja. Yalani kuchokera pakati kupita kunja, mukuzunguza mtandawo pang'onopang'ono kuti usamatirire, mpaka ukhale wa masentimita 30 m'lifupi ndi mamilimita atatu kuchindikala. Ukayamba kunyezimira kapena kumata, batala wafewa. Ubwezereni mufiriji mphindi 15, musalimbane nawo pothira ufa wambiri. Pouika m'thireyi, ulekeni ugwere wokha m'makona. Mtanda wokoka umabwerera mmene unalili ukamva moto.

Thireyi ikhale yachitsulo, ndipo yakuda imafiiritsa pansi bwino kuposa yonyezimira. Mbale zadothi zokhuthala zimachedwa kutentha. Musanathire zipatso, pakani choyera cha dzira pa mtanda wapansi n'kuubweza mufiriji mphindi 20 kuti chiume; chimatchinga madzi. Zipatso zilowe zitazizira ndipo zilowe pomwe uvuni wakonzeka, zisakhale pa mtanda kudikira. Pamwamba mungaphimbe ndi mtanda wathunthu, koma dulani mabowo asanu otalika ngati chala chaching'ono kuti nthunzi ituluke. Pa zipatso zamadzi ngati izi, kuluka timizere ta mtanda mopingasa kumathandiza kwambiri chifukwa madzi ochuluka amauluka, ndipo mtundu wa mabulosi umaonekera m'mipatamo. Nyowetsani m'mphepete ndi madzi, pindirani mtanda wapamwamba pansi pa wapansi, n'kutsindika ndi foloko kapena zala. Pakani dzira lomenya ndi supuni ya mkaka, mopyapyala, osalola kuti lidikhe m'makona chifukwa limapserera.

Uvuni uyatseni mphindi 30 pasadakhale pa madigiri 220, muli thireyi ina yafulati pa shelefu yapansi kwambiri. Payi akakhala pa chitsulo chotentha kale, pansi pake pamayamba kupsa nthawi yomweyo madzi asanatuluke. Pakatha mphindi 20 tsitsani moto kufika 190 ndipo mupitirize mphindi 35 mpaka 45. M'mphepete mukafiira msanga, phimbanimo ndi foyilo. Wotchi isakunamizeni: payi wapsa pamene madzi okhuthala akubwata pakati penipeni, osati m'mbali mokha, ndipo abwate choncho mphindi zisanu. Sitachi sagwira mokwanira mpaka atawira. Anthu ambiri amatulutsa payi akangoona pamwamba pachita chikasu, ndiye pa tebulo la oweruza zam'kati zimayenderera ndipo zimamveka ufa pa lilime. Mtundu woyenera ndi wofiirira ndithu, wa mtedza wokazinga.

Wophika pa mbaula asadzione ngati watsalira. Tengani poto wamkulu wokhuthala, muthire mchenga woyera wouma wokwana zala ziwiri pansi, muvundikire ndi chitsulo chafulati, muutenthetse mphindi 20 makala ali pansi ndi pamwamba monga muchitira ndi chigumu. Kuti mudziwe kutentha, wazani ufa pang'ono pa kambale kachitsulo muike mkatimo: ukafiira kwambiri m'mphindi zisanu, moto wakwana kuyambira, ukada n'kutulutsa utsi, phulani makala ena. Kusiyana kwake ndi chigumu n'kwakuti pa mphindi 20 zoyamba moto wambiri ukhale pansi, pamwamba makala ochepa cha m'mphepete mwa chivundikiro. Pambuyo pake chepetsani apansi, onjezani apamwamba. Zunguzani thireyi pa mphindi 15 zilizonse, ndipo potsegula chotsani chivundikiro mosamala kuti phulusa lisagwere. Makala akhale oyaka kale opanda utsi, chifukwa mafuta a mu mtanda amayamwa fungo.

Payi akatuluka amafuna maola anayi kuti zam'kati zigwirane. Muikeni pa chinthu chokweza kuti mpweya udutse pansi pa thireyi. Musamuphimbe ndi pulasitiki kapena mbale akadali wofunda, thukuta lake limafewetsa zonse zimene mwavutikira. Musamuikenso mufiriji, payi wa zipatso amakhala bwino panja tsiku limodzi ataphimbidwa ndi nsalu yopepuka, miyendo ya tebulo mutaiteteza ku nyerere. Ngati kuweruza kuli 10 koloko m'mawa, phikani madzulo a dzulo lake. Payi wa nyama kapena wa kasitadi wa mazira ndi nkhani ina: sayenera kukhala pa kutentha kuposa maola awiri, ndiye ngati chionetsero chili pabwalo, funsani kaye nthawi yeniyeni yoweruzira musanasankhe mtundu umenewo.

Funsaninso malamulo a mpikisano msanga: kukula kwa thireyi, ngati akufuna payi wathunthu wosadula, ngati akufuna mndandanda wa zimene mwathiramo, ndiponso ngati kirimu pamwamba ndi wololedwa. Phikani awiri, wina mudule kunyumba kuti muone pansi pake, wooneka bwinoyo apite. Ndipo yeserani sabata imodzi pasadakhale ndi uvuni womwewo, chifukwa manambala olembedwa pa mauvuni ambiri sagwirizana ndi kutentha kwenikweni kwa mkati.

Ponyamula, ikani nsalu yonyowa pang'ono pansi pa katoni kuti thireyi isatsetsereke, m'mbali mutsekere ndi mapepala opindapinda, ndipo katoniyo ikhale yakuya kuti chivundikiro chisakhudze pamwamba. Pa kabaza kapena mu minibasi muigwire pamiyendo, yosapendekeka, kutali ndi dzuwa la pa windo. Tengani mpeni wanu wakuthwa ndi kansalu kopukutira; ngati akulolani kudula nokha, pukutani mpeniwo mukadula kamodzi kalikonse, ndipo dulani kawiri pansi kuti chidutswa choyamba chituluke ndi mtanda wake wonse.