Tsabola wa ku New Orleans analowa m'maso

Mlamu wanga wa ku New Orleans, mzinda wa ku America, anati mlendo wofika mu Epulo sabwerera asanadye crawfish, poti nyengo yake imafika pachimake kuyambira Malichi mpaka Meyi. Ndi tizilombo ta m'madzi tokhala ndi chigoba, tofiira tikapsa. Amatiwiritsa mumphika waukulu pamodzi ndi chimanga, mbatatesi, adyo, mandimu ndi tsabola wa cayenne wosayeza, n'kukhuthulira patebulo loyala nyuzipepala. Mbale palibe, foloko palibe. Munthu mmodzi amamuwerengera crawfish yolemera mapaundi 3 mpaka 5.

Ine, wokulira pa ziwala ndi bwanoni, ndinangotola kamodzi n'kuponya m'kamwa kathunthu. Khutchu! Chigoba chinandibaya nkhama, timiyendo n'kukola pakhosi.

"Alamu, chigobacho sitidya!" anatero akufa n'kuseka. "Gwirani mutu uku, mchira uku, mupotokole. Yamwani msuzi wa m'mutumo. Sendani mphete ziwiri zoyamba za mchira, mutsine kunsonga, kanyama katuluka kokha."

Ndinayamwadi msuziwo, tsabola n'kukwera m'mphuno. Misozi itayamba, ndinaipukuta ndi zala zomwezo. Abale inu, ndinaona moto. Kutsukuluza manja ndi madzi okha sikuthandiza chifukwa ukali wa tsabola uli m'mafuta ake. Pamafunika sopo, ena amapakanso ndimu. Zonsezi anandiuza maso atatupa kale.

Pofuna kundipepesa, ananditengera ku French Quarter, dera lakale la mzindawu, pa streetcar (sitima yamagetsi yoyenda m'tauni) yobiriwira ya mumsewu wa St. Charles. Ulendo ndi $1.25, ndipo mukonzeretu yokwanira chifukwa chenji sabweza. Kumeneko anandigulira beignet, mandasi a makona anayi amene amabwera atatuatatu atakwiriridwa ndi shuga wa ufa, ndi khofi wamkaka wothira muzu wokazinga wotchedwa chicory. Lamulo lake n'lakuti poluma usapume, ndipo uweramire kutsogolo. Ine ndi chimfine cha tsabola chija ndinayetsemula pambale penipeni. Shati yanga yakuda, ndevu, nsidze, zonse mbuu!

Ndinakaima phee pabwalo la Jackson Square, kutsogolo kwa tchalitchi cha St. Louis Cathedral, kapu m'manja, kudikira mlamu amene anakasaka madzi. Pamalopo pamaima anthu odzipaka utoto amene amasanduka zifanizo kuti alendo aziwapatsa ndalama. Mayi wina anandizungulira, n'kundijambula, n'kuponya dola m'khofi wanga.

Mlamu pobwera anaivuula dolayo, akuti ndi ya streetcar yobwererera, ine ndiwonjezere 25 cents.